Amakusambitsani Ndani Mukadwala?

Tsiku loti mawa lake ndikwera ndege, mayi anandiitanira kuchipinda kwawo, natseka chitseko. Pakhonde mlongo wanga wamng'ono, amene tonse tinkangomutchula kuti Mzime, ankaseka ndi mnzake uja, mphunzitsi wa masamu wamtali ngati mtengo wa magetsi, amene anali atazolowereka pakhomo pathu moti galu anasiya kumuuwa.

"Ukukamva kasekedwe kameneko?" anatero mayi. "Ine ndakalamba, kuwalekanitsa ndalephera. Koma undilonjeze chinthu chimodzi. Tsiku limene mlongo wako adzagone pabedi osatha kudzuka, udzabwere. Adzamusamalire ndi wamagazi ake. Usadzamusiye m'manja mwa munthu uyo."

Ndinalonjeza. Munthu amene tikiti ili kale m'chikwama amalonjeza chilichonse.

Kunjako ndinakakhala mpaka mutu unayera mbuu. Ndinkagwira ntchito mulaibulale, kusanja mabuku a eni dziko ndi kuwawerenga eni akewo akapita kwawo. Mayi anamwalira ndili komweko, maliro awo ndinawaonera pazithunzi. Pachithunzi china, kumbuyo kwa onyamula bokosi, pankaoneka phewa limodzi lalitali ndi khutu. Wojambulayo anali wachibale, ndipo anaonetsetsa kuti nkhope ya Aphunzitsi yatsala kunja.

Kenako foni inalira.

"Achemwali," anatero Mzime, "akuti khansa, ndiye akufuna kundidula matumbo. Bwerani mudzaone ngati mkatimu muli chanzeru chilichonse, poti munkakayikira."

Tauni yathu ndinaipeza itadzigulitsa. Pamene panali laibulale yomwe ndinaphunziriramo kukonda zilembo, tsopano pali malo obetchera mpira. Chipatala chimene tonse awiri tinabadwiramo ndinkachikumbukira ndi simenti yofiira yopukutidwa mpaka kudziona nkhope, ndi mitengo ya maluwa ofiirira kuyambira pageti mpaka pakhomo. Mitengoyo anaidula kuti akuluakulu aziimikapo magalimoto. Wotchi ya pakhonde inalipobe, itaima, ndipo palibe amene ankaiyang'ana kupatula ine.

Wodi ya amuna a opareshoni ankailamulira Sisitala wamkulu, mayi wamfupi wa chifuwa chotakata, amene nsapato zake zinkamveka iye asanaoneke. Lamulo lake linali losavuta. Wodwala aliyense akhale ndi gadiyani mmodzi, wachibale, woti azimudyetsa, kumusambitsa ndi kumutembenuza, ndipo gadiyaniyo ali ndi kampando kake kamodzi pambali pa bedi.

"Mkazi wanu ali kuti, bambo?" anafunsa, maso ali pathupi la Mzime ngati akuona poyambira.

"Sanabadwe, Sisitala. Tikudikirabe."

Sisitala sanaseke. Anatembenukira kwa Aphunzitsi, amene anaima atanyamula chikwama cha zovala, beseni ndi fulasiki.

"Inu ndinu ndani wake?"

Munthu amene anaima pamaso pa makalasi a ana osamva moyo wake wonse anayang'ana pansi ngati mwana wogwidwa akubera mayeso.

"Timakhala nyumba imodzi."

"Alendi amadikira panja."

Pofika masana anamwino onse a m'wodiyo anali atadziwa. Mmodzi wa iwo ankakhala msewu umodzi ndi Mzime, ndipo nkhani yotere siyenda pansi. Ndinawamva pakhomo la chipinda cha mankhwala akunong'onezana kuti wa bedi lachitatu ndi wamathanyula. Madzulo bedi lachitatu linali litakankhidwira kumapeto kwenikweni, pafupi ndi chitseko cha kumene amakhuthulira mitsuko ya mikodzo. Namwino wina, amene odwala ankamutchula kuti Aleluya, ankavala magolovesi awiriawiri ngakhale pongomuyeza kutentha kwa thupi. Akamaliza ankaima kumiyendo kwa bedi, natseka maso, nayamba kudzudzula mokweza chiwanda chimene chinalowa m'thupi ili.

"Mayi," anatero Mzime tsiku lina pemphero litatha, "chiwandacho adokotala achiona pachithunzi. Akuti ndi chachikulu ngati dzira la nkhuku, ndipo achichotsa ndi mpeni."

Ine ndinapita kwa Sisitala ndi Chingerezi changa chakunja chija. Ndinamuuza za ufulu wa wodwala, za lumbiro la anamwino, za mmene amachitira m'mayiko ena. Anandimvetsera akuwerenga mabotolo a dilipi, kenako anati, "Mayi, kuno si kwanu kozizira kuja. Mwabweretsa sopo kapena mwangobweretsa sukulu?"

Ndinabwerera pakampando kanga nditafufuma ndi mkwiyo. Koma kampandoko kanali kanga, ndipo pansi pa mkwiyowo panali kamtendere kena. Zimene mayi anandituma, lamulo la chipatala linkandigwirira lokha.

Aphunzitsi anadzipezera malo pansi pa thanki ya madzi, moyang'anizana ndi zenera la wodi. Ankafika m'mawa ndi phala m'fulasiki, ine n'kukatenga, iwo n'kutsala pomwepo ataima, chipewa m'manja, mpaka mlonda anayamba kuwapatsa moni ngati wantchito mnzake.

Opareshoni inayenda bwino. Chotupa anachichotsa, koma njira ya kumbuyo anaitseka. Kumanzere kwa mchombo anatulutsa kansonga ka thumbo, kofiira, konyowa, ndipo chimbudzi chinkatulukira pamenepo n'kugwera m'kathumba komata pakhungu. Kathumbako kamafunika kusinthidwa, khungu kutsukidwa ndi kuumitsidwa, ndipo pomatira pake pamafunika kudula bowo lolingana ndendende ndi kansongako. Wodwala asanatuluke, Sisitala ankaphunzitsa gadiyani ntchito imeneyi yekha, sankatuma munthu.

Anakoka nsalu yotchinga, nandiuza kuti ndisambe m'manja. Mzime anagwira bulangete mpaka m'khosi.

"Achemwali, munandibereka kumsana, munandipukuta mamina. Zakwana. Izi zokha ayi."

"Iwe, ndine mlongo wako."

"N'chifukwa chake."

Sisitala anayesa kumuopseza, anayesa kumunyengerera, koma bulangete silinatsike. Pamapeto pake anakatenga chidole cha pulasitiki chimene amaphunzitsira ana a sukulu ya unamwino, nandiphunzitsira pamenepo. Ndinakhoza bwino kwambiri. Ine mayeso sanandivutepo chibadwire. Chidolecho chinatuluka m'manja mwanga chili chaudongo, ndipo tinauzidwa kuti tizipita kwathu.

Nyumba yawo inali yaing'ono, ya zipinda zogona ziwiri, chimodzi chodzaza mawailesi akufa amene Mzime ankati adzawakonza. Anandiyalira m'menemo. M'chipinda chinacho munali bedi limodzi, ndipo patebulo panali magalasi owerengera awiri, amene ankasokonezana nawo tsiku lililonse n'kumanenana kuti wina wachita khungu. Pabalaza panali makina osokera a mayi, opakidwa mafuta, ophimbidwa ndi nsalu yoyera. Mzime sanagwirepo tsache moyo wake wonse, choncho sindinafunse kuti amawapukuta ndani.

Nthawi yosintha kathumba itakwana, awiriwo analowa kubafa natseka chitseko. Ine ndinaima panja n'kumalengeza ngati wailesi.

"Matulani pang'onopang'ono, kuyambira pamwamba!"

"Tamatula!"

"Tsopano dulani bowo lolingana!"

"Lolingana ndi chiyani, achemwali?" Awa anali Aphunzitsi.

"Ndi kansongako!"

Aphunzitsi anakatenga kampasi yawo yophunzitsira masamu, nayeza, najambula. Koma poopa kuti pulasitiki ingakhule thumbo la munthu wawo, ankawonjezera mpata pang'ono kuzungulira. Chinali chifundo. Mumpata umenewo zotuluka m'mimba zinkakhala pakhungu usana wonse n'kumalidya. Khungu linafiira, linasupuka, linayamba kuchucha madzi, ndipo kathumba kanaleka kumata. Mzime anabisa mpaka tsiku limene analephera kudzuka, thupi lili moto, nthabwala zitamuthera. Tinamunyamula awiri kupita naye kugalimoto. Anapepuka ngati mtolo wa zovala.

Sisitala atationa pakhomo la wodi, nkhope yake inagwa. Ndinali nditamva kale kwa magadiyani anzanga kuti mayiyu ali ndi chinthu chimodzi chimene amanyadira kuposa ana ake: wodwala wake akatuluka, sabwerera. Anamugoneka pabedi lomwe lija la kumapeto, nakweza malaya, namatula kathumba. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anandiyang'ana ine.

"Ndinakuphunzitsani chonchi?"

"Si ine."

"Nanga wapha munthu wangayu ndani?"

Nsalu yotchinga anali ataiwala kukoka. Pabedi loyandikana panali dalaivala wa lole, mwendo uli m'mwamba pa zingwe, mkazi wake akumusenda nthochi. Onse awiri anasiya kutafuna.

Mzime anatsegula maso. "Amene amandisambitsa, Sisitala."

"Amakusambitsani ndani?"

"Yemwe wakhala akundisambitsa ndikadwala kuyambira ndili ndi tsitsi. Munamuuza kuti alendi amadikira panja."

"Ndiye anaphunzira kuti?"

"Pachitseko cha bafa," ndinatero ine. "Ine ndili kunja, iwo ali mkati."

Sisitala anayang'ana chilondacho kachiwiri. Ndinkayembekezera ulaliki, kapena mlonda. Anavula magolovesi, nawaponya m'ndowa, napita pazenera, nalikankha mwamphamvu moti linagunda khoma.

"Inu aatali inu pathankipo! Eya, inuyo! Lowani muno msanga, ndipo musandiyendere ngati mukupita kumaliro!"

Aleluya anali atafika ndi kangolo ka mankhwala. "Sisitala, lamulo likuti wachibale."

"Wachibale ndinamuphunzitsa. Taona chimene chatuluka."

"Koma anthu amenewa, Sisitala, mukudziwa kuti..."

"Ndikudziwa kuti ndili ndi chilonda chonunkha m'wodi mwanga. Katenge beseni, madzi ofunda, thonje ndi sizasi. Ndipo magolovesi uvale amodzi, sitiwatola m'tchire."

Aphunzitsi analowa atawerama, ngati denga lawafupikira. Anaima kumiyendo kwa bedi, chipewa chili pachifuwa.

"Mumagwira ntchito yanji, bambo?"

"Ndinali mphunzitsi wa masamu."

"Masamu! Ambuye ndithandizeni. Ndiye bowo lalikulu ngati pakamwa pa ndowa munaliwerengera ndi masamu ake ati? Ana a eni munkawaphunzitsa zimenezi? Sambani m'manja."

Anasamba.

"Mwagwira mphuno. Sambaninso."

Anasambanso. Sisitala anakoka nsalu yotchinga, ndipo ulendo uno amene anatsala kunja ndinali ine. Ndinakhala pakampando kanga n'kumamvetsera.

"Musapukute ngati mukufufuta bolodi, muzingogunda ndi thonje pang'onopang'ono. Ayi! Manja ngati mafosholo. Taonani, chala changa chili apa, chanu chibwere apa. Mukuopa chiyani, sikaluma. Kagwireni. Mwaona kuti sakumva kuwawa? Pamenepo palibe ululu, ululu uli pakhungu pamene munawononga inupo."

"Ticha, ukundikirigita," anatero Mzime, mawu ali pansipansi.

"Inunso khalani chete, mwabisa chilonda ngati mwana wakuba shuga. Dulani tsopano. Mwakulitsanso! Tayani, tengani kena."

Kenako ndinamva phaa, kambama ka padzanja.

Dalaivala anaseka mpaka zingwe za mwendo wake zinagwedezeka. "Aphunzitsi, limbani mtima! Wangayu anamulizapo dzana, mpaka anakalirira kuchimbudzi."

"Ukunama, chinandigwera m'maso ndi chitsotso," anatero mkazi wake.

Dalaivala anatsitsa mawu, koma osati mokwanira. "Komabe ine zinthu zimenezi sindizimvetsa, mwamuna ndi mwamuna."

"Iwe umamvetsa chiyani? Unagunda mtengo woima, masana dzuwa likuswa. Idya nthochi."

Nsalu itatsegulidwa, Aphunzitsi anatuluka malaya atanyowa ndi thukuta mpaka m'chiuno. Ndinawatsatira kukhonde ndi mtima woti ndiwapepese, ndi mawu okonzeka kale onena za mwano wa anamwino a masiku ano. Ndinawapeza atatsamira khoma pansi pa wotchi yakufa ija, akuyang'ana kuseri kwa dzanja lawo, akumwetulira ngati munthu woledzera.

"Achemwali, mwamva mmene wandikalipira?"

"Ndamva. Alibe ulemu mayi ameneyu."

"Chimodzimodzi mkazi wa adalaivala," anatero. "Chimodzimodzi. Mpaka kundimenya."

Anapukuta m'maso ndi chipewa, nabwerera m'wodi osapempha chilolezo kwa munthu.

Masiku otsatira Sisitala anatilola tonse awiri, ine ngati gadiyani, iwo ngati wophunzira. Bedi linachoka kumapeto kuja n'kupita pafupi ndi zenera, chifukwa, malinga ndi Sisitala, chilonda chotseguka sichigona pafupi ndi mitsuko ya mikodzo, ndipo amene anachiika kumeneko poyamba analibe nzeru. Palibe amene anamukumbutsa kuti anali ndani. Ntchito yotsuka chilondacho m'mawa anaipereka kwa Aleluya. Mayiyo sanatembenuke mtima, ine nkhani za anthu otembenuka tsiku limodzi ndinaziwerenga zambiri ndipo sindizikhulupirira. Milomo yake inkayendabe akamatsuka, koma mawu sankatuluka, ndipo dzanja lake linali lofewa kuposa la Sisitala. M'mawa wina anadutsa pafupi ndi Aphunzitsi, maso ali kutsogolo, nati, "Madzi otentha magadiyani amatunga kuseri kwa khitchini. Mukachedwa amatha."

Chimene sindinachiyembekezere chinachitika atabweretsa wodwala watsopano, mkulu wina wa chophuka, wovala jekete la mlonda. Sisitala anaima pambali pake monga mwa masiku onse.

"Mkazi wanu ali..." Anaima. Anakanda pachibwano. "Bambo, mukadwala amakusambitsani ndani?"

Mkuluyo anaganiza. "Mkazi ndili naye, koma ali ndi sitiroko. Amatisambitsa tonse awiri ndi mayi wa nyumba yoyandikana nayo."

"Ndiye muitanitseni ameneyo."

Kuyambira pamenepo funso linali limenelo, ndipo mayankho ake anandiphunzitsa za tauni yathu kuposa zonse zimene ndinaona pamsewu. Wina anati mdzukulu. Wina anati mkazi amene anasiyana naye kalekale, osati watsopanoyu, watsopanoyu amanyansidwa. Wina anati palibe, ndipo Sisitala anakhala pabedi pake kanthawi, chinthu chimene sindinamuonepo akuchita. Dokotala wa opareshoni anamva funsolo akuyendera odwala, nalibwereza kwa ophunzira amene ankamutsatira ngati anapiye, iwo n'kulilemba. Kunja kumene ndinali, kusintha funso limodzi kukanafuna msonkhano wa masiku angapo muhotela, ndi tiyi, ndi zikwama zolembedwa mutu wa msonkhanowo.

Tsiku lina anagoneka mnyamata wa ndevu zometedwa bwino, wa chilonda cha m'matumbo. Atafunsidwa, anayang'ana uku ndi uku, anayang'ana Aphunzitsi amene ankapesa Mzime timatsitsi take totsala, kenako anati, "Mnzanga. Ali pageti."

"Pageti akulondera chiyani? Muimbireni, abwere ndi beseni."

Ndinakumana ndi Sisitala kuseri kwa khitchini ndikutsuka makapu. Ndinayamba kumuthokoza, ndipo Chingerezi chija chinayambanso kutuluka chokha.

"Mayi, musandiike m'mabuku anu," anandidula. "Lamlungu ndimapita kutchalitchi, ndipo zimene ndimakhulupirira sizinasinthe. Koma ndinaphunzitsa chidole, munthu n'kutsala pang'ono kundifera. Zimenezo sizidzachitikanso muno ine ndili moyo." Anayang'ana kapu imene inali m'manja mwanga. "Ndipo mwasiya sopo m'mphepetemo."

Mzime anachira pang'onopang'ono. Kutentha thupi kunkatsika m'mawa n'kukweranso masana, dilipi inali idakali padzanja, ndipo kukhala tsonga kunkamuchititsa chizungulire. Koma khungu linayamba kuuma, ndipo pakamwa panayamba kunyowa. Anauza dalaivala kuti iye tsopano ndi munthu wapamwamba, chimbudzi amayenda nacho m'thumba ngati foni.

Masana ena Sisitala anakoka nsalu, napinda manja pachifuwa, nauza Aphunzitsi kuti achite zonse okha, iye sayankhula. Ndinamva madzi m'beseni, kenako sizasi ikudula.

"Hmm," anatero Sisitala. "Kanakhala kabwino mukanapanda kutulutsa lilime podula. Mwakhoza."

Dalaivala anaomba m'manja, mkazi wake analuluta pang'ono n'kudzigwira pakamwa. Sisitala anatsegula nsalu, natiyang'ana tonse awiri, ine pakampando, Aphunzitsi ataima ndi beseni.

"Sukulu yatha. Lamulo langa mukulidziwa, gadiyani ndi mmodzi, kampando ndi kamodzi. Muno si pamsika. Sankhanani, ndikamabwera ndipeze munthu mmodzi."

Nsapato zake zinamveka zikupita. Mzime anayang'ana kudenga ngati kwalembedwa nkhani. Aphunzitsi anaika beseni pansi pa bedi, nayamba kufunafuna chipewa chawo.

"Ine ndikhala pathanki, achemwali," anatero. "Mukandifuna mungokweza dzanja pazenera."

Ndinaimirira. Ndinapinda nsalu imene ndinkayala pakampando, ndinaika buku langa m'chikwama, ndi magalasi, ndi mankhwala anga a mawondo.

"Alamu," ndinatero, "khalani pansi. Phala ndibweretsa ine mawa. Mumathira shuga wochuluka bwanji?"

"Masipuni awiri," anatero Mzime, maso akadali kudenga. "Akakuuzani kuti imodzi, akunama."

Ndinatuluka m'wodi, ndinadutsa khonde, ndinadutsa pakati pa magalimoto a akuluakulu mpaka pageti, kumene mlonda anandifunsa ngati aatali aja alowa. Mlongo wanga anali gone pabedi osatha kudzuka, ndipo ndinamusiya m'manja mwa Aphunzitsi.